Chipatala chathu chayamba kutsegula usiku, nanga bwanji akutitumizabe kuchikulu?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndimasamaliranso bambo anga amene amadwala shuga ndi BP. Chipatala chaching'ono chimene timapitako chayamba kutsegula madzulo mpaka 10 koloko usiku, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Tinasangalala kwambiri. Koma mwezi wathawu mwana wanga wa zaka ziwiri atatentha thupi usiku, ndinathamangira naye kumeneko, anamuyeza, n'kutilembera kalata yoti tipite kuchipatala chachikulu. Kumeneko tinakhala pa benchi maola anayi, pomaliza anatipatsa panado n'kutiuza kuti tizipita. Mlamu wanga akuti ndinangotaya nthawi, ulendo wina ndizingolunjika kuchikulu. Ndaonanso kuti madzulo anthu amadzaza kuposa masana. Kodi kutsegula usikuku kuli ndi phindu, kapena angotiwonjezera mzere wina woti tiziimapo?

Yankho: Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Simunalakwitse. Mwana wa zaka ziwiri akatentha thupi usiku, mayi amene wamubereka kumsana n'kupita naye kwa munthu wodziwa kuyeza wachita zoyenera, ndipo kubwerako ndi panado yekha ndi mmene ife timafunira kuti maulendo ambiri a usiku azithera. Koma funso lanu ndi lalikulu kuposa usiku umodziwo. Ngakhale ife ogwira ntchito m'zipatala timatsutsana pa nkhaniyi, choncho ndiloleni ndiitambasule bwinobwino.

Tiyambe ndi kamasamu kochepa. Sabata ili ndi maola 168. Chipatala chimene chimatsegula 8 koloko m'mawa n'kutseka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, chimagwira ntchito maola 45 okha. Maola 123 otsalawo chitseko chimakhala chokhoma, pamene matenda sayang'ana wotchi. Ena mpaka amachita kukonda usiku. Mphumu imabanikitsa kwambiri m'bandakucha, kutentha thupi kumakonda kukwera madzulo, ndipo khutu la mwana limayamba kupweteka akangogona pansi. Kuwonjezera apo, usiku mantha amakula. Chifuwa chimene masana simukanachilabadira, m'nyumba mukangoti zii chimamveka ngati chikung'amba nthiti. Munthu wopanda kwina kolowera amapita kumene kukuyaka magetsi, ndipo kumeneko ndi kuchipatala chachikulu, kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi. Maganizo otsegula zipatala zazing'ono usiku anachokera pamenepa: kuti munthu wa vuto laling'ono apeze pogogoda pena, asakapanikize anzake a ngozi ndi odwala mwakayakaya.

Mwaona bwino kuti madzulo kumadzaza. Ndagwira ntchito ya usiku zaka zambiri, ndipo ndikasuzumira pa benchi ndimadziwa kuti anthu amene akuoneka ngati mzere umodziwo sanabwere ndi njira imodzi. Alipo amene chipatalacho chikanakhala chotseka akanapita kuchikulu, monga mwana wa bala lofunika kusoka, mayi amene mkodzo ukumuwotcha, kapena mnyamata wa mphumu amene mankhwala opopera amuthera. Amenewa ndi amene okonza mapulani amawafuna, chifukwa aliyense wa iwo wapereka mpata kuchikulu. Ena akanabwera ndithu masana, kungoti madzulo ndi pamene aweruka kuntchito kapena apeza wowasiyira ana, ndiye angosuntha nthawi basi. Koma pali enanso amene okonza mapulani aja amakonda kuwaiwala, anthu amene akanangokhala kunyumba. Ambiri mwa iwo akanachira okha pakutha kwa masiku awiri. Ochepa ndi aja amene ine ndimathokoza kuti abwera, monga bambo amene wakhala akutsokomola miyezi iwiri, thupi likutha, koma abwana ake samupatsa mpata masana. Mukatsegula chitseko simungasankhe kuti alowe awa okha. Walira mvula walira matope. N'chifukwa chake pafupifupi kulikonse kumene awonjezera maola, chiwerengero chonse cha anthu oonana ndi dokotala chimakwera.

Nanga kuchikulu kumapepuka? Ku England anayesapo mwadala. Mu 2014, m'dera la Greater Manchester, odwala a m'zipatala zazing'ono 56 anapatsidwa mwayi woonana ndi dokotala madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo ofufuza anawayerekeza ndi odwala a m'zipatala zimene sizinasinthe nthawi. Anapeza kuti anthu opita okha kuchikulu ndi matenda ang'onoang'ono anachepa ndi pafupifupi 26 pa 100 alionse. Nambala yosangalatsa ndithu. Koma atawerengera onse ofika kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi, kuphatikizapo odwala kwambiri ndi otumizidwa ndi makalata, kutsikako kunali pafupifupi 3 pa 100, kochepa moti sakananena motsimikiza kuti kwabwera chifukwa cha maola atsopanowo. Ndalama zimene zinapulumuka kuchikulu zinalinso zochepa poyerekeza ndi zimene analowetsa potsegula madzulo.

Ndiye mukandifunsa ngati phindu lilipo, ndiyankha kuti lilipo, kungoti ndi losiyana ndi lija amalonjeza akuluakulu pa tsiku lodula riboni. Mizere siitha ayi. Munthu amene wathyoka mwendo kapena amene mtima wake ukulephera adzagonekedwabe, chipatala chaching'ono chitsegule kapena chisatsegule. Chimene chimasintha n'chakuti wa vuto laling'ono amathandizidwa pafupi ndiponso msanga, ndipo wa vuto lalikulu lobisika amadziwika Lachisanu usiku m'malo modikira Lolemba.

Tsopano za kalata ija, chifukwa ndi imene yakupwetekani mtima. Dokotala wa masana ndi wa usiku akhoza kukhala munthu mmodzi yemweyo, wa maphunziro omwewo, koma zida zake usiku zimakhala zoperewera. Masana labu imakhala yotsegula. Chipinda chinacho mumakhala mnzake woti n'kumuitana kuti, "Tabwerani mudzamve chifuwa ichi." Kawirikawiri amakudziwaninso, amadziwa kuti mwana uyu akatentha amalefuka chonchi koma mawa amakhala akuthamanga, kapena kuti mayi awa sabwera pachabe, akabwera ndiye kuti zavutadi. Ndipo ali ndi chida china chimene anthu sachiwerengera, mawu akuti, "Khalani panjapo, ndimuonenso pakatha maola awiri," kapena, "Mubwere naye mawa m'mawa." Matenda ambiri poyambira amafanana. Chimfine wamba ndi chibayo, kapena m'mimba mwa tsiku limodzi ndi apendikisi, maola oyamba zimatha kuoneka chimodzimodzi, ndipo chimene chimazisiyanitsa ndi nthawi. Dokotala wa usiku amene akutseka 10 koloko nthawi imeneyo alibe. Sakukudziwani, sakudziwa ngati mudzapeza galimoto 2 koloko m'mawa mwana akasintha, ndipo mwina sadzamvanso kuti zinatha bwanji. Akakayikira, amatenga cholembera.

Ndikukumbukira usiku wina ndili ndi namwino mmodzi yekha. Anabwera nawo agogo ena, mimba yotupa, akubuula ndikangoigwira. Atatha masiku angapo osapita kuchimbudzi, ndipo anali atasanza kawiri. Ndinaopa kuti matumbo atsekeka, n'kulemba kalata. M'mawa mwake dokotala wa kuchikulu anandiimbira foni mawu ake ali ndi kachipongwe: "Agogo anu aja anali odzimbidwa basi. Apita kuchimbudzi, pano akucheza ndi anamwino." Ndinachita manyazi. Mwezi usanathe, nthawi ngati yomweyo, analowa bambo wina wa shuga, akuyenda yekha bwinobwino, amvekere, "Adokotala, ndi chilungulira chabe ichi, mungondipatsa timapiritsi ndikagone." Chimene sichinandisangalatse ndi thukuta. Kunja kunali kozizira, koma malaya ake anali atanyowa kumsana konse, ndipo pakati pa mawu ankaima kuti akoke mpweya ngati munthu wokwera chitunda. Makina ojambula kagundidwe ka mtima, aja timati ECG, tinalibe. Ndinalemba kalata iye akunyinyirika kuti ndikumuvutitsa ndi zazing'ono. Anakapezeka kuti mtsempha wina wa mtima watsekeka. Pamene ndinkalemba makalata awiriwa, kukayika kwanga kunali kofanana ndendende, ndipo panalibe chondiuza kuti iyi idzandichititsa manyazi, iyi idzapulumutsa munthu. Chipatala cha usiku chimene makalata ake onse amakapezeka kuti anali ofunikadi ine ndimachiopa, chifukwa ndiye kuti alipo ena amene chikuwabweza kunyumba asakuyenera kubwezedwa.

Za mwana wanu, nthawi zambiri zimayenda motere. Woyezayo amamuvundukula malaya n'kuwerenga kapumidwe kwa mphindi yathunthu. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kupitirira pa mphindi, tiganizire chibayo. Kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka malire ndi 50, ndipo kwa wosakwana miyezi iwiri ndi 60. Chovuta n'chakuti kutentha thupi pakokha kumafulumizitsa kupuma, kulira nakonso chimodzimodzi. Ndiye pamaso pa dokotala pali mwana wotentha, wopuma mothamanga, wolefuka, wokankha kapu ya madzi. Akhoza kukhala wa chimfine chabe, akhozanso kukhala woti pofika m'bandakucha afunika mpweya wa m'makina. Mukafika kuchikulu namwino amamuyang'ana pakhomo, naona kuti akhoza kudikira. Pa maola anayi aja kutentha kumatsika, mwana amamwako madzi, mwinanso amayamba kuseweretsa kiyi wanu. Dokotala wa kumeneko anaona mwana wosiyana ndi amene anaonedwa koyamba uja. Maola a pa benchiwo anali owawa, sindikana, koma anagwira ntchito ya kuyeza.

Kodi zikanatheka popanda ulendo wachiwiriwo? Mwina. Apa ndi pamene zipatala za usiku zimasiyana kwambiri. Chimene chili ndi bedi limodzi kapena awiri ogonekapo mwana kwa maola angapo, kachipangizo kopanira pachala koyezera mpweya m'magazi, zoyezera shuga, mkodzo ndi malungo zapompopompo, komanso foni yoti dokotala n'kufunsira nzeru kwa mnzake wa kuchikulu, chimatumiza anthu ochepa kuposa chimene chili ndi tebulo, mpando ndi cholembera basi. Kungoyatsa magetsi n'kukhazika munthu mmodzi mkatimo kumatha kuchulukitsa makalata, chifukwa anthu obwera achuluka koma zothandizira kusankha palibe. Ngati pali msonkhano wa anthu ogwiritsa ntchito chipatala chanucho, zofunika kupempha ndi zimenezi, osati maola owonjezera okha.

Mayiko amene anayamba kalekale kulimbana ndi nkhaniyi anaphunzira kuti zambiri zimathera pa foni. Ku Denmark, kwa zaka zambiri kuyambira mu 1992, m'madera ambiri munthu akadwala usiku ankayamba waimba foni, ndipo woyankha ankakhala dokotala weniweni. Pafupifupi theka la oimbawo nkhani yawo inkathera pomwepo, ndi malangizo kapena mankhwala, osatuluka m'nyumba. Ku Netherlands, cha m'ma 2000, madokotala a mabanja, aja amene munthu amayamba kuonana nawo asanatumizidwe kuchikulu, anasiya zoti aliyense azidikirira yekha odwala ake usiku. Anapanga magulu akuluakulu osinthana, namwino wophunzitsidwa bwino amayankha foni moyang'aniridwa ndi dokotala, ndipo malo ambiri oterewa anawaika pakhomo penipeni pa chipatala chachikulu. Munthu wobwera yekha ndi vuto laling'ono amamulozera khomo la dokotala wa mabanja, wa vuto lalikulu amangodutsa khomo linalo. Kukanakhala kotero kwa inu, kalata ija ikanakuyendetsani mapazi ochepa chabe. Ku England zinayenda mosiyana. Mu 2004 madokotala a mabanja analoledwa kutula udindo wosamalira odwala awo usiku, ndipo ambiri anatuladi. Pambuyo pake kunabwera nambala ya foni ya 111 yoimbapo odwala, imene oyamba kuyankha si madokotala koma anthu otsatira mafunso a pa kompyuta. Kafukufuku wa m'madera amene anayambira anapeza kuti ofika kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi sanachepe, ndipo maulendo a ambulansi anakwera pang'ono. N'zosadabwitsa. Woyankha akakhala kuti alibe mphamvu yonena kuti, "Izi zidikire mawa," amangokankhira patsogolo.

Pali mbali ina imene sindingakubisireni. Madokotala ndi anamwino sachuluka chifukwa choti maola achuluka. Amene wagwira usiku, m'mawa sakhalapo, ndiye nthawi zina mzere wa masana umatalika, kapena mumapeza nkhope yachilendo ulendo uliwonse. Dokotala wotopa amene sakukudziwani amafulumiranso kupereka maantibayotiki pa chimfine chimene sichikuwafuna, pofuna kuti asaphonye kanthu. Koma choopsa chachikulu, makamaka kwa munthu ngati bambo anu, ndi kuzolowera. Madzulo n'kosavuta kupita, ndiye munthu amayamba kutengera zonse kumeneko, lero dokotala uyu, sabata yamawa wina, aliyense akuzimitsa moto wa tsiku limenelo, popanda woona kuti shuga wakhala akukwera miyezi isanu ndi umodzi kapena kuti impso zayamba kufooka. Ku Norway anafufuza anthu oposa 4 miliyoni, ndipo anapeza kuti amene akhala ndi dokotala mmodzi kwa zaka zoposa 15 ankapita kuchipatala cha usiku mocheperapo, ankagonekedwa mwadzidzidzi mocheperapo, ndipo ngakhale imfa zinali zochepa pakati pawo, kusiyana kwake kukufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi amene angoyamba kumene ndi dokotala watsopano. Kugonekedwa kwa munthu wa shuga kapena BP kumapewedwa masana, pang'onopang'ono, ndi munthu womudziwa.

Tibwere kwa mlamu wanu. Maganizo ake ndi a anthu ambiri, ndipo amamveka anzeru: bwanji kuima mizere iwiri pamene ungathe kuima umodzi? Koma kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi sayendera woyamba kufika. Pakhomo pamakhala namwino wosanja odwala, ntchito imene timaitcha triage, ndipo malo ambiri amagwiritsa ntchito mitundu: wofiira kwa amene moyo uli pachiswe, wachikasu kwa ofunika kuonedwa msanga, wobiriwira kwa otha kudikira. Mukapita nokha ndi mwana wa chimfine mudzakhala wobiriwira, ndipo aliyense wobwera ndi ambulansi adzakudutsani. Maola anayi aja akanakhalapobe, mwinanso kuposa, pakati pa anthu otsokomola ndi osanza. Pa maulendo ambiri a usiku, monga khutu, pakhosi, mkodzo wowotcha, bala laling'ono, zotupa pakhungu, kapena mwana wotentha koma amene akumwa ndi kuyang'ana bwinobwino, nkhani ikanathera kuchipatala chaching'ono popanda kalata. Inu munangokumana ndi usiku umene sinathere pomwepo.

Komabe pali nthawi zimene mlamu wanuyo akunena zoona, ndipo zimenezi muzisunge pamtima. Mwana akakomoka kapena kugwedezeka ngati wa khunyu, akamalephera kumwa kapena kuyamwa, akamasanza chilichonse chimene walowetsa m'kamwa, akakhala wofooka moti mukuvutika kumudzutsa, musapatukire kwina, lunjikani kuchikulu kapena itanani ambulansi. Chimodzimodzi akamapuma movutikira, m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati nthawi iliyonse akakoka mpweya, akamalira kukhosi popuma ali phee, kapena milomo ndi lilime zikasintha mtundu. Khosi louma limodzi ndi kutentha thupi, kapena timadontho pakhungu tosazimirira mukatidinikiza ndi tambula yagalasi, n'zosadikira m'mawa. Mwana wotsegula m'mimba amene maso alowa ndipo watha maola ambiri osakodza wataya madzi ochuluka, muzimumwetsa ORS muli m'njira. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha kufika madigiri 38, ngakhale likuoneka bwino, liyenera kuonedwa usiku womwewo kumene angathe kuliyeza magazi ndi kuligoneka. Ndipo ngati muli kumene kuli malungo, mwana wotentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo, musayambe mwadikira kuti muone mmene zikhalire.

Kwa bambo anu mndandanda wake ndi wina. Kupweteka kapena kulemera pachifuwa, makamaka kofalikira kudzanja, kunsagwada kapena kumsana, kobwera ndi thukuta kapena phuma, ndi kwa kuchikulu mosazengereza. Kumbukirani bambo wa chilungulira uja: anthu a shuga nthawi zina mtima umawavuta popanda ululu woonekera, amangofooka, kutuluka thukuta ndi kubanika. Nkhope ikapotoka mbali imodzi, dzanja kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, kapena mawu akayamba kutuluka mokoka, imeneyo ndi sitiroko mpaka atatsimikiza kuti si imeneyo. Yang'anani wotchi, musunge nthawi imene munawaona ali bwino komaliza, chifukwa kumene kuli mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa mkati mwa maola anayi ndi theka. Kupatukira kuchipatala chaching'ono pamenepa n'kudya nthawi imeneyo pachabe. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuyankhula zosokonekera, ganizirani kuti shuga watsika. Ngati muli ndi kamakina ndipo kakuonetsa pansi pa 4 mmol/L, kapena mulibe koyezera koma akutha kumeza, apatseni chakumwa chotsekemera nthawi yomweyo, kenako chakudya. Ngati sakutha kumeza musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nawo. Shuga wokwera wophatikizana ndi kusanza, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwodzera nayenso ndi wa kuchikulu.

Koma si nambala iliyonse yoopsa m'maso imene imafuna ulendo wa usiku. Ndalandirapo anthu ambiri amene anayeza BP kunyumba asanagone, n'kupeza yakwera, n'kuyezanso kasanu mtima uli m'mwamba, nambala n'kumangokwera. Ngati bambo alibe mutu waukulu, sakuona mwachimbuuzi, chifuwa sichikupweteka ndipo akuyankhula bwinobwino, akhale pansi apume kaye, muyezenso pakapita kanthawi, muone ngati anamwa mankhwala a tsikulo. Imeneyo ndi nkhani ya foni kapena ya chipatala chaching'ono. Ikafika pa 180/120 ayenera kuonedwa tsiku lomwelo, ndipo ikakhala ndi chimodzi mwa zizindikiro ndatchulazi, ndi ya kuchikulu. Kabala ka kuphazi, ngakhale kaoneke konyozeka, kwa munthu wa shuga kasagone masiku. Mukakaona Loweruka, pitani nako Loweruka lomwelo. Zoterezi ndi zimene chipatala chotsegula kumapeto kwa sabata chimathandiza kwambiri, chifukwa masiku awiri odikira Lolemba amatha kusandutsa kabala kukhala nkhani ya kuwodi.

Ulendo wina mukadzapita usiku, tengani buku la kuchipatala kapena mapepala alionse amene muli nawo, ndi mankhwala onse m'mapaketi ake, osati kungonena kuti "toyera tating'ono tija." Dokotala wosakudziwani akaona zolembedwa amalimba mtima, ndipo wolimba mtima salemba kalata pachabe. Muuzeni nthawi imene vuto linayamba, zimene mwamupatsa kale wodwalayo, ndiponso nthawi yake. Muuzeninso zoona za kunyumba, ngati muli ndi foni, ngati mungapeze galimoto pakati pa usiku, ngati mungabwerenso m'mawa. Mayankho amenewa amasinthadi chigamulo. Akakulemberani kalata, funsani mosaopa kuti, "Mukuopa chiyani kwenikweni? Ndi zoti tipite pompano, kapena zingadikire m'mawa?" Safunsa anadya phula. Mukanadziwa usiku uja kuti akuopa chibayo, pa benchi paja mukanakhala mukuyang'ana kapumidwe ka mwana m'malo mongoyang'ana wotchi, ndipo akanasintha mukanadziwa zoti muuze namwino. Akakubwezani kunyumba, musatuluke musanamve kuti ndi zizindikiro ziti zimene zikaoneka mubwerere. Mwana akapanda kusintha pakatha masiku awiri kapena atatu, kapena mtima wanu ukamakuuzani kuti sali bwino ngakhale simungathe kuloza chavuta, bwererani naye. Ine mawu a mayi akuti "mwanayu si mmene amakhalira" ndimawatenga ngati chizindikiro pachokha.

Sabata ino pitani masana kuchipatala chanucho ndi pepala limene anakupatsani kuchikulu, kuti alembe m'mabuku mwawo mmene zinathera. Mufunse ngati ali ndi nambala yoimbapo usiku, muisunge mufoni. Bambo apezereni tsiku lokhazikika la masana, ndipo mupemphe kuti azionedwa ndi munthu mmodzi yemweyo ngati n'kotheka. Mlamu wanuyo muwerengereni ndime ya zizindikiro za bambo ija kawiri, chifukwa usiku umene adzafunike kuthamangira nawo, n'kutheka kuti woyendetsa galimoto adzakhala iyeyo.